Mayi amene adaphunzitsa atolankhani kugwira bodza la andale

Chisankho cha pulezidenti wa dziko la America cha 1988 chitayandikira, Michael Dukakis ankaoneka ngati wapambana kale. M'mwezi wa July, kafukufuku wa Gallup adaonetsa kuti adali patsogolo pa George H. W. Bush ndi mapointi 17. Pofika November zinthu zidali zitatembenuka, ndipo Bush adatenga zigawo 40 mwa 50 za dzikolo.

Pakati pa miyezi imeneyi pamatchuka dzina la mkaidi wina, William Horton. Mkuluyu adali pa ukaidi wa moyo wonse ku Massachusetts pa mlandu wakupha. Mu 1986 adapatsidwa chilolezo chokacheza kunja kwa ndende kumapeto a sabata, koma sadabwerere. Chaka chotsatira adagwiririra mayi wina ku Maryland ndi kuvulaza bwenzi la mayiyo. Nthawiyo bwanamkubwa wa Massachusetts adali Dukakis.

Otsatira Bush sadachedwe. Gulu lina lidatulutsa uthenga wa kampeni pa wailesi ya kanema woonetsa nkhope ya Horton, yemwe adali wakuda. Kampeni ya Bush nayo idatulutsa wake, wa akaidi akulowa ndi kutuluka pachipata chozungulira.

Anthu ambiri adangoonera n'kuiwala. Mmodzi amene adaunika mauthengawa mawu ndi mawu, chithunzi ndi chithunzi, adali mphunzitsi wa payunivesite, Kathleen Hall Jamieson.

Mayiyu adabadwira ku Minneapolis mu 1946. Digiri yake yoyamba adaitenga ku Marquette University mu 1967, pa phunziro la luso lolankhula mokopa anthu, lomwe lidayamba kalekale kwa Agiriki. Ya udokotala adaipeza ku University of Wisconsin mu 1972, ndipo chodabwitsa n'chakuti kafukufuku wake sadali wa ndale ayi, koma wa mkangano umene udabuka pa kalata ya Papa Paul VI ya 1968 yokhudza njira zolera. Adaphunzitsa ku Maryland zaka 15, kenaka ku Texas, asadakakhale mkulu wa sukulu ya Annenberg ku University of Pennsylvania kuyambira 1989 mpaka 2003.

Pa uthenga wa chipata chozungulira uja, Jamieson adaonetsa mmene munthu angapusitsidwire popanda kuuzidwa bodza lenileni. Pamene wolengeza ankakamba za akaidi opha anzawo mwadala, pakanemapo pankatuluka mawu oti akaidi 268 adathawa. Woonera ankalumikiza yekha ziwirizi n'kuganiza kuti onse 268 adali akupha, chonsecho akupha adali ochepa chabe mwa iwo. Uthengawo sudanenenso kuti ndondomeko yolola akaidi kukacheza kunja idayamba mu 1972, pansi pa bwanamkubwa wa chipani cha Bush yemweyo, Francis Sargent. Ngakhale dzina loti "Willie", lomwe dziko lonse lidazolowera, silidali limene mwiniwake ankadzitcha.

Koma chimene chidagwedeza atolankhani n'chakuti mlandu wina udagwera iwo eni. Mawailesi a kanema ankati akafuna kutsutsa uthenga wabodza, ankauulutsa wonse modzaza kanema, mtolankhani akulankhula pamwamba pake. Jamieson atafunsa magulu a oonera, adapeza kuti chimene chinkatsalira m'mutu mwawo ndi zithunzi za uthengawo, osati kutsutsa kwa mtolankhani. Wandale ankalipira kamodzi, atolankhani n'kumufalitsira ulere madzulo aliwonse pa nthawi ya nkhani. Apatu wozimitsa moto ndiye ankathira palafini.

Mayiyu sadathere pa kudzudzula. Adakonza njira: uthenga wa kampeni uziikidwa m'kabokosi kakang'ono, chopendekeka pang'ono, kuti woonera adziwe kuti iyi si nkhani, ndipo pamene pali chinyengo pazidindidwa mawu onena choncho. Mtolankhani wa CNN, Brooks Jackson, adagwiritsa ntchito njirayi pa chisankho cha 1992, chaka chomwe buku la Jamieson lofotokoza zonsezi, Dirty Politics, lidatuluka.

Awiriwa adadzagwiranso ntchito limodzi mu 2003 pokhazikitsa FactCheck.org, tsamba la paintaneti lofufuza ngati zonena za andale zili zoona. Tsambali lidatchuka mwangozi. Pa mtsutso wa October 2004, wachiwiri kwa pulezidenti Dick Cheney adauza anthu kuti akaone umboni womuikira kumbuyo pa factcheck.com, kuphonya mathero a dzinalo. Eni dzina limenelo adatumiza alendo onse ku tsamba la George Soros, yemwe ankalimbana kuti George W. Bush agwe pa chisankho.

Jamieson adalemba mabuku ambiri, ena yekha ena ndi anzake. Mu Spiral of Cynicism la 1997, iye ndi Joseph Cappella adaonetsa kuti atolankhani akamalemba ndale ngati mpikisano wa mpira, wakuti akutsogola, wakuti wagwa, osakamba mfundo, anthu amayamba kukayikira wandale aliyense. Mu Beyond the Double Bind la 1995 adafotokoza msampha umene amayi otsogolera amakumana nawo: akalimba mtima amati alibe ukazi, akafatsa amati sangathe ntchito.

Buku limene lidautsa mapiri pachigwa ndi Cyberwar la 2018. M'menemo adafufuza zomwe anthu a ku Russia adachita pa chisankho cha 2016, pofalitsa mauthenga pa Facebook ndi Twitter komanso kuba makalata a pakompyuta a mbali ya Hillary Clinton. Pa 7 October 2016, WikiLeaks idayamba kutulutsa makalata a mkulu wa kampeni yake, John Podesta, pasadathe ola kuchokera pamene tepi yochititsa manyazi Donald Trump idatuluka. Atolankhani adathamangira makalatawo, ndipo mafunso ochokera m'menemo adafika mpaka pa mitsutso ya opikisana.

Trump adapambana ku Michigan, Wisconsin ndi Pennsylvania ndi mavoti pafupifupi 78,000 onse pamodzi. Jamieson adati n'kutheka kwambiri kuti dzanja la Russia lidathandiza, ngakhale adavomera kuti palibe angatsimikize kotheratu. Akatswiri ena a ndale adamutsutsa, ponena kuti mauthenga a kampeni sasintha maganizo a ovota ambiri chotero, ndipo mkanganowo sudathe.

Mu 2020 bungwe la National Academy of Sciences lidamupatsa mendulo yake yapamwamba ya Public Welfare Medal.