Mitundu ya Nyama Zakutchire: Mileme ndi Mbewa Ndizo Zadzaza Kaundula

Mitundu ya nyama zakutchire zoyamwitsa imene inalembedwa m'Malawi muno ilipo pafupifupi 190. Ambiri akamva chiwerengerochi amathamangira njovu, njati ndi mikango, chonsecho nyama zikuluzikulu ndi zochepa. Kuposa theka la kaundulayu ndi mileme, mbewa, agologolo ndi tinyama tina tokukuta ndi mano akutsogolo.

Kalembera wake anayamba m'zaka za m'ma 1890, pomwe Alexander Whyte ankatolera zikopa ndi zigaza n'kumazitumiza ku British Museum ku London, kumene Oldfield Thomas ankazisanthula. Buku limene akatswiri amadalirabe linatuluka mu 1988. Analemba ndi W.F.H. Ansell ndi R.J. Dowsett, ndipo muli mapu osonyeza kumene mitundu ya nyama inapezekapo.

Boma la Ntcheu lilibe paki ya nyama, koma pa kalembera wotereyu si lapambali. Lili ndi mapiri ozizira a Kirk Range chakwa Tsangano, nkhalango za Dzonzi ndi Mvai, komanso chigwa chotentha cha Bwanje, ndipo malo aliwonse ali ndi tinyama take. Chimanga chikakololedwa, anyamata amakumba mauna m'minda n'kukaimika mipani ya mbewa m'mbali mwa msewu wa M1. Woyenda pa basi amangoona ndiwo, koma wokumbayo amadziwa kuti iyi ndi kapuku, iyi kapeta wa mafuta uja, iyi chitute wosunga chakudya m'masaya. Pa mpani umodzi pakhoza kukhala mitundu ingapo, ndipo wofufuza wonyoza nzeru za okumba mbewa amadzichedwetsa yekha.

Akatswiri amatchera mbewa ndi timabokosi togwira zamoyo, mileme amaikola usiku ndi maukonde opyapyala, pamene nyama zamanyazi amazijambula ndi makamera omangirira pamitengo. Maso okha sakwanira. Mbewa ziwiri zofanana ubweya zimatha kusiyana mano, chigaza kapena DNA, ndipo mtundu umene unkayesedwa umodzi umagawika pawiri. N'chifukwa chake mabuku amasiyana pang'ono pa chiwerengero.

Chovuta china n'kugamula kuti yakuno ndi iti. Ng'ombe ndi mbuzi ndi ziweto, sizilowa. Khoswe wa m'nyumba, ngakhale anakhazikika m'nkhokwe zonse, kwawo ndi ku Asia, ndipo anafika mu Africa pa zombo za amalonda. Koma chipembere, chimene chinatheratu m'dziko muno n'kudzabwezeretsedwa ku Liwonde mu 1993 kuchokera ku South Africa, chimawerengedwa chifukwa chinalipo kale. Chimodzimodzi akakwiyo ndi mimbulu, zimene bungwe la African Parks linabwezeretsa ku Liwonde komweko mu 2017 ndi mu 2021. Nyama sizidziwanso malire. Pa Lizulu msewu ndiwo umalekanitsa Malawi ndi Mozambique, choncho gwape amene wadumpha msewuwo usiku amalowa m'kaundula wa dziko limene umboni wake wapezeka.