Thobwa la ku Chileka, thobwa la ku Lirangwe: kodi lilime lanu lingasiyanitse?

Mu Disembala 2024, bungwe la UNESCO linaika luso lofulula sake pa mndandanda wa miyambo yofunika kusungidwa pa dziko lonse. Sake ndi mowa wa mpunga wa ku Japan. Kumeneko munthu wodziwa akangolawa pang'ono amatha kukuuzani kuti uyu ndi wa chigawo chakuti, uyu wa chakuti. Ife kuno tili ndi chakumwa chomwe kakonzedwe kake n'kofanana ndi ka sake m'njira zambiri, koma timachigula pawindo la minibasi, kugugudiza, n'kutaya botolo osafunsa n'komwe kuti wakonza ndani. Tikunena thobwa.

Anzathu amalawa bwanji?

Sake amafuna zinthu zochepa: mpunga, madzi, yisiti ndi nkhungu ina yabwino yotchedwa koji, yomwe imasandutsa mpunga wophika kukhala wotsekemera. Zinthu n'zomwezo dziko lonse la Japan, koma makomedwe amasiyana dera ndi dera.

Ku Nada, pafupi ndi mzinda wa Kobe, madzi a m'zitsime zawo ali ndi michere yambiri ya m'nthaka. Yisiti amagwira ntchito mwamphamvu, ndipo sake wake amatuluka wolasa, wosatsekemera kwambiri. Ku Fushimi, m'mzinda wa Kyoto, madzi ndi ofewerapo, ndiye sake wake ndi wosalala kukhosi. Ku Niigata, komwe kumazizira koopsa, amadziwika ndi sake wopepuka. Amayang'ananso mapunthidwe a mpunga. Sake wotchedwa daiginjo amafuna kuti njere ipalidwe mpaka kutsale theka lokha kapena kucheperapo.

Akatswiri olawa amagwiritsa ntchito kakapu koyera kokhala ndi mizere yozungulira ya buluu pansi pake, kuti aone bwino mtundu wa chakumwacho. Amayang'ana, kununkhiza, kulawa, kenako n'kulavula. Sapita kukaledzera ayi, amapita kukadziwa.

Koma musaganize kuti zonse zili bwino kumeneko. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970, anthu a ku Japan akhala akuchepetsa kumwa sake, ndipo nyumba zambiri zofululira zinatsekedwa. Zomwe zatsala zikudalira kwambiri mbiri ya dera lawo, madzi awo ndi dzina la wofulula. Apa m'pomwe nkhaniyi ikutikhudza.

Mwini nkhani ndi chimera

Ntchito yomwe koji imagwira ku Japan, kuno imagwiridwa ndi chimera. Amayi amaviika mawere, mapira kapena chimanga, n'kuzivundikira ndi thumba lonyowa kapena masamba a nthochi kwa masiku angapo mpaka zitamera. Akatero amayanika, n'kusinja kapena kukagayitsa.

Tsiku lokonza thobwa amaphika phala la mgaiwa kapena la ufa woyera, n'kulisiya kuti lizizireko. Apa m'pamene pagona luso. Phala likatentha kwambiri limapha mphamvu ya chimera, likazizira kwambiri chimera chimachita ulesi. Ku Japan amayeza kutentha ndi zipangizo, pomwe agogo anu amangogwiritsa ntchito chala. Chimera chikalowa, phala lolimba lija limasungunuka pamaso panu n'kuyamba kutsekemera lokha, popanda shuga wa kugolosale. Ambiri amaliwiritsanso, n'kulisiya ligone. Usiku umenewo tizilombo tabwino, tonga tomwe timasasitsa chambiko, timalipatsa kuwawasa kuja komwe kumasiyanitsa thobwa ndi phala lamadzimadzi.

Ndiye makomedwe a thobwa amachokera pa zinthu zinayi: mbewu ya chimera, ufa, madzi ndi nthawi yomwe lagona. Chachisanu ndi dzanja la wokonza.

Kuchokera ku Chileka kukafika pa Lirangwe

Kuti mumve kusiyanaku simukufunika ndege, ngakhale bwalo lake lili pompo pa Chileka. Yambirani pamsika wa Chileka, mutulukire pa Kameza, mulowe msewu wa M1 kudutsa pa Lunzu ndi Matindi mpaka pa Lirangwe. Paliponse pomwe minibasi iima mupeza amayi kapena achinyamata ali ndi mabotolo m'beseni kapena m'ndowa. Gulani limodzi apa, lina apo, muziika chizindikiro.

Choyamba chomwe muone ndi mtundu. Thobwa la chimera cha mawere limakhala lofiirira, la timadontho takuda, ndipo fungo lake limamveka musanafikitse pakamwa. Mawere ambiri amalimidwa kumpoto, m'maboma ngati Chitipa ndi Mzimba, komanso mbali zina za chigawo chapakati, choncho wokonza wa ku Blantyre nthawi zambiri amachita kugula pamsika. Mtengo ukakwera, ena amathira chimera chochepa n'kudzaza ndi shuga. Lilime limazindikira: kutsekemera kwa shuga kumafika msangamsanga n'kukusiyani ndi ludzu, pomwe kwa chimera kumabwera pang'onopang'ono n'kukhalitsa m'kamwa.

Thobwa la mapira ndi lina. Mapira amapirira chilala, n'chifukwa chake amapezeka kwambiri ku Chikwawa ndi Nsanje, komanso m'minda ina ya madera otentha otsikira ku Shire ngati cha ku Lirangwe ndi Mdeka. Mapira ofiira amapereka thobwa lakuderapo lokhala ndi kakuwawa kogwira lilime, konga ka tiyi wopanda mkaka. Ena amakakonda, ena ayi. La chimera cha chimanga ndiye loyererapo, lofatsa, lomwe ana amathamangira.

Madzi nawo ali ndi mbali yawo, ngati ku Nada ndi Fushimi kuja. Madzi a pampopi omwe Blantyre Water Board imapopa mu Shire pa Walker's Ferry kudzera ku Chileka amakhala othiridwa mankhwala. A pamjigo amatenga kakomedwe ka nthaka yomwe achokera, ndipo mijigo ina madzi ake amamveka kamchere. Wokonza mmodzi, chimera chomwecho, akasintha madzi thobwa limasinthanso.

Pomaliza pali dzuwa. Chileka ndi Lirangwe ndi malo otsika komanso otentha kuyerekeza ndi m'kati mwa mzinda wa Blantyre. M'mwezi wa Okutobala, botolo lomwe linali lotsekemera m'mawa limafika madzulo litasasa, likuchita thovu mukalitsegula. Choncho poyerekeza mabotolo awiri, funsani kuti lililonse laphikidwa liti, kuopa kuweruza wokonza pa mlandu wa dzuwa.

Yesani kunyumba

Itanani anzanu atatu kapena anayi. Pezani makapu oyera m'kati, ndi madzi otsukuluzira m'kamwa. Mmodzi athire thobwalo ena asakuona botolo lomwe lachokera. Yambani ndi loyera, mumalize ndi lakuda. Khutchumulani kaye, chifukwa nsenga zimakhala pansi.

Pa kapu iliyonse dzifunseni: mtundu wake ndi wotani? Likununkhira chimera, utsi wa nkhuni, kapena pulasitiki? Ndi lamadzimadzi kapena lolemera? Kutsekemera ndi kuwawasa zikugwirizana, kapena china chapondereza chinzake? Mukameza, m'kamwa mwatsala chiyani? Lembani pafoni. Mudzadabwa kuti anthu omwe anabwera akunena kuti thobwa ndi thobwa basi, ayamba kukangana ngati za Bullets ndi Wanderers.

Mukakhala ndi mnzanu wa kumpoto, amubweretsere chindongwa cha kwawo. Wa ku Zambia angakuuzeni za munkoyo, womwe m'malo mwa chimera amathira mizu ya chomera china cha kutchire. Omwe anakhalako ku Harare kapena ku Joni amadziwa mahewu. Banja ndi limodzi, koma aliyense ali ndi nkhope yake.

Zomwe lilime silingakuuzeni

Pali chinthu chimodzi chodabwitsa. Koji ya ku Japan, yomwe asayansi amaitcha Aspergillus oryzae, ndi m'bale weniweni wa Aspergillus flavus, nkhungu yomwe imabweretsa chuku m'chimanga ndi mtedza wathu. Anzathuwo anaweta mtundu wosapanga poizoni, ndipo amausunga mwaukhondo kwambiri. Ife chimera chathu chimamera m'malo onyowa ndi ofunda, momwe nkhungu yoipayo imasangalalanso.

Kafukufuku yemwe Limbikani Matumba ndi anzake anasindikiza mu 2011 anapeza poizoni wa chuku, aflatoxin, m'chimera cha mapira ndi mowa wa masese wa m'chigawo chakummwera. Poizoniyu satha ndi kuwiritsa, samveka pakamwa, ndipo akamalowa m'thupi kwa nthawi yaitali amawononga chiwindi mpaka kuyambitsa khansa. Chizolowezi chosankha chimanga chabwino kuti chikhale cha nsima, chofumbwa ndi chowola n'kupita ku chimera, n'choopsa. Chimera chimafuna mbewu yosankhidwa bwino, ndipo chiume msanga padzuwa, pamkeka kapena pathandala, osati padothi.

Kachiwiri, botolo. Mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Thobwa likhoza kuphikidwa bwino, koma likathiridwa m'botolo lotoledwa pamsewu n'kungotsukuluzidwa, ntchito yonse yapita pachabe. Si mwano kufunsa mwaulemu kuti, “Amayi, mabotolowa mumatsuka bwanji? Nanga chimerachi n'chanu kapena chogula?” Wogulitsa wosamala amayankha mosanyinyirika, ndipo ameneyo ndiye woyenera kumubwerera.

Kachitatu, masiku. Thobwa likagona masiku angapo, makamaka kotentha, yisiti amayamba kusandutsa shuga uja kukhala mowa. Limenelo si lopatsanso mwana wa sukulu, mayi woyembekezera, kapena munthu yemwe samwa chifukwa cha chipembedzo chake.

Luso lili m'manja mwa ndani?

Nsima yathu inalowa pa mndandanda womwe uja wa UNESCO mu 2017. Thobwa silinafikeko, komatu ndi lomwe limalandira alendo pachinkhoswe, paukwati, pamaliro ndi pomanga chiliza. Ndi lomwe limapatsa mphamvu olima m'munda, ndipo m'makomo ambiri a ku Chileka ndi Lirangwe ndi lomwe limagula sopo ndi makope a ana.

Funso ndi lakuti, mwa ife omwe tili ndi zaka za m'ma 20, ndi angati angameretse chimera popanda kuimbira foni kumudzi? Pa zochitika zambiri masiku ano, makireti a zoziziritsa kukhosi ali kutsogolo, mbiya ya thobwa ili kuseri kwa nyumba, ndipo oiyang'anira ndi amayi achikulire okhaokha. Akadzapita iwowa, kadziwidwe ka kutentha kwa phala ndi chala kadzapita nawo limodzi, chifukwa sikalembedwa paliponse.

Paja mawu a akuluakulu amakoma akagonera. Ulendo wina mukapita kumudzi, khalani pambali pa agogo kapena azakhali kuyambira tsiku loviika mbewu mpaka lothira chimera. Jambulani pafoni ngati akulolani, funsani chifukwa cha chilichonse chomwe akuchita, ndipo phala likafika poyesa, pemphani kuti chala chikhale chanu.