Mphika wa Munthu Mmodzi Umadya Ndalama Zambiri

Anthu ambiri amayesa kuti mphunzitsi kapena kalaliki wokhala yekha savutika ndi chakudya, pakuti m'nyumba mwake wodya ndi mmodzi yekha. Koma sizili choncho ayi. Mu November 2023, pamene Reserve Bank of Malawi inachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, mitengo ya shuga, mafuta ndi sopo inakwera, kotero kuti ambiri malipiro ankawathera mwezi usanathe.

Chimene chimasaukitsa munthu wotere ndicho kugula pang'onopang'ono. Kajumbo ka ufa kotchedwa "walkman", mafuta oyeza ndi kamulu ka makala zimaoneka zotsika mtengo pa tsikulo, koma akawerengera pakutha pa mwezi amapeza kuti walipira koposa mnzake amene anagula zambiri nthawi imodzi. Komanso akagula matimati ndi ndiwo zamasamba zochuluka, zimamuolera asanazimalize.

Nzeru tsono ndiyo kusiyanitsa zosungika ndi zosachedwa kuonongeka. Thumba la chimanga la makilogalamu 50 aligule mu May kapena June, anthu atangokolola, osadikira January pamene mtengo umakwera. Alisunge poti anankafumbwe sangaloweko. Nyemba, usipa wouma, mchere ndi mfutso azigula tsiku lolandira malipiro. Zamasamba azigula za masiku awiri okha.

Wochita izi sadzagogoda pakhomo pa wakatapila, ndipo kusukulu kapena kuofesi adzagwira ntchito mtima uli m'malo.