Phili likaphulika pansi pa nyanja, madzi amasintha njila

Amene mumakwela basi yopita ku Rufunsa kapena ku Luangwa mumawadziwa madzi otentha a pa Chinyunyu, pafupi na Great East Road. Madzi a mvula amalowa m'ming'alu ya miyala, amatenthedwa pansi, kenaka amabwelela kumtunda. Lelo nifuna tikambeko za Chinyunyu wina, wa pansi pa nyanja zikuluzikulu.

Akasupe a kumeneko anapezeka koyamba mu 1977 pafupi na zilumba za Galápagos, asayansi atatsika na kasitima ka pansi pa madzi kochedwa Alvin. Ena amalavula madzi akuda bii ngati utsi, otentha kupitilila madigili 350. Madziwo amasungunula kopa, zinki na aironi m'miyala, n'kuziunjika pamene atulukila.

Nkhani yonse ili pa ming'alu. Ndiyo mapaipi a akasupewa. Madzi a m'nyanja akatentha kufika madigili pafupifupi 150, mcele wina wochedwa anhydrite umauma m'ming'alumo, ndipo njila imacepa pang'onopang'ono. Aliyense wa ku Kanyama adziwa zimene ngalande yotsekeka imacita: madzi amafuna kwina kopita.

Manje phili likaphulika, zonse zimasokonekela. Ciphalaphala ca moto cikamakwela cimang'amba miyala, zivomezi zimatsegula ming'alu yatsopano, ndipo madzi amathamanga mosavuta. Akasupe ena amatentha kwambili, ena amakwililika, ena amabadwa pamene panalibe kanthu. Pakapita zaka, mcele uja umayambanso kutseka.

Phili la Axial, makilomita pafupifupi 480 kucoka kugombe la Oregon ku America, linaphulika mu 1998, 2011 na 2015. Mu April 2015 makina anawelenga zivomezi pafupifupi 8,000 tsiku limodzi, ndipo pansi pa nyanja panatsika mamita oposa awili.

Cimene cinanigwila mtima ine ni za ku East Pacific Rise, kum'mwela kwa Mexico, mamita 2,500 pansi pa madzi. Mu 1991 asayansi anapeza nyongolotsi zikuluzikulu za pa akasupe zitapsa na ciphalaphala, koma m'ming'alu yatsopano munali kutuluka tizilombo tosaoneka na maso tambilimbili, toyela mbuu. Pasanathe zaka zitatu nyongolotsi zinabwelela, zina zitatalika kuposa mita. Malowa anaphulikanso ca m'ma 2006 na mu 2025, mudzi wa zamoyo n'kukwililikanso.

Mwina mufunsa kuti, "Ise tilibe nyanja ya mcele, zitikhudza bwanji?" Yankho ni kopa. Milu ya miyala pa akasupewa ili na kopa wambili, ndipo makampani amaiyang'ana na diso la njala. Kampani ya Nautilus Minerals inafuna kukumba pamalo ochedwa Solwara 1 ku Papua New Guinea, mamita 1,600 pansi pa madzi, koma inagwa mu 2019 isanayambe kukumba.

Tsiku limene wina adzakwanitsa, kopa wa ku Kitwe na ku Solwezi adzapeza mnzake pamsika. Mtengo wa kopa ukagwedezeka, kwaca imagwedezeka, mafuta amakwela, ndipo kondakita amakuuzani kuti, "Bosi, onjezelani."