WANSEMBE AMENE ANAYANG'ANIRA YUNIVESITE YA KU NGULUDI

Ife a kuno ku Nkhotakota wansembe timamdziwa pa guwa, pa ukwati ndi pa maliro. Tsono ena amadabwa akamva kuti wansembe angathe kukhala mkulu wa Yunivesite. Mwezi uno tifotokoza za Bambo George Buleya, amene anagwira nchito yotere.

Tiyambe ndi malo ake. Nguludi ali m'boma la Chiradzulu, kufupi ndi Limbe. Ansembe a Montfort anamanga mishoni kumeneko mu 1903, ndipo inatenthedwa mu 1915 pa nkhondo ya Chilembwe. Pambuyo pake panakhala sukulu ya uphunzitsi, imene aphunzitsi athu achikulire akuikumbuka bwino. M'nyumba zomwezo ndimo Maepiskopi a Katolika anaikamo Yunivesite yao. Anaikhazikitsa mu 2004, ndipo inatsegulidwa mu 2006.

Mnyamata sangodzuka n'kukhala wansembe ai. Atatha sekondale amaphunziranso zaka zisanu ndi ziwiri kapena kuposa. Kwa zaka zambiri njira inali iyi: poyamba ku Kachebere, m'boma la Mchinji, seminale imene inayamba mu 1939, kukaphunzira za kuganiza mwakuya, kenaka ku St Peter's ku Zomba, kukaphunzira za Mulungu ndi malamulo a Mpingo. Akadzozedwa, ena Episkopi amawatumizanso ku maphunziro kufikira atalandira udokotala. Udokotala umenewu si wa jekeseni, koma wa mabuku. Bambo Buleya ali nao. Kumbukirani kuti Mmalawi woyamba kudzozedwa unsembe wa Katolika, Bambo Cornelio Chitsulo, anadzozedwa mu 1937. Agogo ena amene analiona tsikulo adzukulu ao aona wansembe wa dziko lomwelino akugawa madigiri.

Asanapite ku Nguludi, Bambo Buleya anali Mlembi Wamkulu wa bungwe la Maepiskopi ku Lilongwe. Anali pa mpando umenewo mu 2011 ndi 2012, nthawi imene petulo anasowa, anthu anafa pa zionetsero za pa 20 July 2011, ndipo Pulezidenti Bingu wa Mutharika anamwalira mu April 2012. Pa nthawi yotere Mlembi ndiye pakamwa pa Maepiskopi. Akalakwitsa liu limodzi, dziko lonse limva. Ine ndiyesa kuti sukulu yao yeniyeni ya utsogoleri inali imeneyi.

Kodi mkulu wa Yunivesite amachita chiani? Pa Chingerezi amamutcha Vice Chancellor. Pamwamba pake pali Chancellor, amene ku Nguludi amakhala Episkopi, koma iyeyo amaoneka pa masiku akulu okha. Nchito ya tsiku ndi tsiku ili m'manja mwa Vice Chancellor: kufuna aphunzitsi odziwa, kuona kuti mayeso ayenda moona, kumanga nyumba zogona ophunzira, ndi kusamala ndalama. Apa ndipo pali pobvuta. Yunivesite ya Mpingo silandira ndalama za Boma chaka ndi chaka monga ya ku Zomba. Imadalira fizi. Fizi ikakwera, mwana wa msodzi ndi wa mlimi wa mpunga atsala. Ikatsika kwambiri, mphunzitsi wabwino athawira kwina. Mu March 2020 sukulu zonse zinatsekedwa chifukwa cha Covid-19. Mtolo umenewu ku Nguludi anausenza ndi Bambo Buleya, pakuti ophunzira anali kumudzi koma anchito anayenera kulandirabe malipiro.

Mpandowu si wa ansembe okha. Amene analowa m'malo mwao anali mai wodziwa malamulo, Ngeyi Kanyongolo, amene anaphunzitsa nthawi yaitali ku Chancellor College. Mwatsoka anamwalira mu 2024.

Tsopano mau kwa makolo ndi aphunzitsi. Kuno kunyanja ambiri ndife Asilamu ndi a Anglican, ndipo ena amaopa kuti mwana akapita ku Nguludi akamtembenuza. Yunivesiteyi imalandira ana a chipembedzo chili chonse. Chimene amafunsa ndi satifiketi ya M.S.C.E. yokhala ndi makirediti asanu ndi imodzi, Chingerezi chili momwemo. Aphunzitsi, chonde afotokozereni ana a Fomu 3 zimenezi tsopano lino, asanafike chaka cha mayeso.