Kufupika kwa Cigar Sikucepetsa Ululu Wace

IFE a kuno Kum'mawa fodya timamudziwa bwino. Timamulima, timamuthyola, timamuyanika ndi kumumanga m'mabelo. Koma pali fodya wina amene ambiri a ife tinangomuona pa kanema kapena m'manja mwa anthu a ndalama m'mahotela akulu: ndudu yonenepa, yofiirira, yokulungidwa ndi tsamba la fodya m'malo mwa pepala. Dzina lace ndi cigar.

Pakati pa ma cigar a mtengo wapatali, amene akutamandidwa kwambiri masiku ano ndi aja aafupi koma onenepa. Ogulitsa amati awa ndi a munthu wotanganidwa, amene ali ndi mphindi 30 cabe pambuyo pa cakudya ca masana. Womva mau awa angaganize kuti popeza cigar ndi yaifupi, kuopsa kwace nakonso ndi kocepa. Tsamba lathu la zaumoyo lero lifuna kufotokoza cifukwa cace maganizo amenewa ali olakwa.

KUMENE ACOKERA

Ma cigar a mtengo wapatali amapangidwa makamaka ku Cuba, Dominican Republic, Nicaragua ndi Honduras. Fodya wochuka koposa amalimidwa m'dera la Vuelta Abajo, m'cigawo ca Pinar del Río ku Cuba. Masamba akauma amawaunjika m'milu kuti afunde ndi kusasa, kenaka amawasunga miyezi yambiri ngakhale zaka. Pambuyo pace mmisiri amakulunga cigar ndi manja: masamba a m'kati, tsamba lomangira, ndi tsamba losalala la kunja. Mulibe pepala, ndipo mulibe kathonje kosefa utsi monga m'ndudu za m'sitolo.

Cigar amaipima utali ndi kunenepa. Kunenepa kuli ndi nambala yace: inchi imodzi amaigawa pa 64, motero cigar ya nambala 50 ndi yonenepa pafupifupi masentimita 2. Cigar yaitali yochedwa Churchill, dzina la nduna yaikulu yakale ya ku Britain, ili ndi masentimita 18 ndi nambala 47, ndipo kuikoka kumatenga nthawi yoposa ola limodzi.

M'zaka za m'ma 1990 kukoka cigar kunabwerera mwamphamvu ku America, ndipo mu 1992 kunayamba kutuluka magazini ya okonda fodya ameneyu yochedwa Cigar Aficionado. Koma pambuyo pace maiko anayamba kuletsa kukoka fodya m'mabala ndi m'malo odyera: dziko la Ireland mu 2004, England mu 2007. Wokoka anayenera kutuluka panja, nthawi zina m'cisanu coopsa, ndipo palibe amene afuna kuimirira pa cisanu ola lathunthu. Ici ndi cimodzi mwa zifukwa zimene ma cigar aafupi anapezera msika. Mu 2004 a ku Cuba anatulutsa Hoyo de Monterrey Petit Robusto, ya masentimita 10 ndi nambala 50. Mu 2008 kampani ya Oliva, imene imapanga ma cigar ku Nicaragua, inatulutsa Nub, ndipo ina mwa izo ili ndi masentimita 10 ndi nambala 60.

NKHOKWE YAIFUPI KOMA YOTAKATA

Mlimi aliyense adziwa kuti nkhokwe yaifupi koma yotakata ingathe kusunga cimanga cofanana ndi ca m'nkhokwe yaitali koma yopapatiza. N'cimodzimodzi ndi cigar. Mukawirikiza kawiri kunenepa kwace, malo a fodya m'kati mwace amawirikiza kanai. Tikawerengera motero, tipeza kuti cigar ya masentimita 10 ndi nambala 60 ili ndi malo a fodya pafupifupi ofanana ndi a Churchill ya masentimita 18. Maso aona kanthu kakafupi, koma fodya ndi yemweyo.

Tiyerekezenso ndi ndudu wamba. Bungwe la boma la America lofufuza za khansa, National Cancer Institute, limati m'ndudu imodzi muli fodya wosafika galamu imodzi, pamene m'cigar yaikulu muli magalamu 5 mpaka 20. Ma cigar ena ali ndi fodya wokwana paketi yathunthu ya ndudu. Conco bambo amene anena kuti wangokokako imodzi cabe angakhale atatentha fodya woposa wa ndudu 10.

"KOMA INE SINDIMEZA UTSI"

Awa ndi mau amene okoka cigar amadzichinjiriza nao kawirikawiri. N'zoona kuti ambiri amangosunga utsi m'kamwa ndi kuutulutsa, osaufikitsa ku mapapo. Koma utsi wa cigar ndi wosiyana ndi wa ndudu. Nikotini wace, mankhwala aja amene amabweretsa cibaba, amalowa m'magazi kupyolera m'khungu lofewa la m'kamwa. Motero munthu angagwidwe ndi cibaba ngakhale sanamezepo utsi.

Kusasa kwa masamba kuja, kumene kumapatsa cigar fungo lace, kumapanganso mankhwala oyambitsa khansa ochedwa nitrosamines. Tsamba la kunja silipitsa mpweya bwino monga pepala, kotero fodya sapsa mokwanira, ndipo utsi umakhala ndi phula ndi mpweya woipa wa carbon monoxide wambiri. Zonsezi zimakhudza milomo, lilime, usinini ndi kholingo. Zina zimasungunuka m'malovu, ndipo munthu akameza malovuwo zimatsikira kum'mero.

Mu 1998 bungwe lomwe lija linatulutsa lipoti lalikulu la ma cigar, ndipo linatsimikiza kuti amayambitsa khansa ya m'kamwa, ya kholingo, ya kum'mero ndi ya m'mapapo. Bungwe la American Cancer Society limati amene amakoka cigar nthawi zonse ali pa ngozi ya kufa ndi khansa ya m'kamwa, ya kholingo kapena ya kum'mero kuwirikiza 4 mpaka 10 kuposa osakoka. Nkhani ya kum'mero itikhudze kwambiri, cifukwa maiko a kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa ali kale pakati pa malo amene khansa imeneyi ndi yocuruka pa dziko lonse.

Cenjezo lapadera lipite kwa amene anali kukoka ndudu ndipo aganiza zosinthira ku cigar. Anthu otere anazolowera kale kumeza utsi, ndipo ambiri amapitiriza kutero osazindikira. Kwa iwo ngozi ya matenda a m'mapapo ndi a mtima imakhalapobe.

VUTO LA CANGU

Akatswiri a cigar eni ace amalangiza kukoka pang'onopang'ono, kamodzi pa mphindi. Munthu amene akuyang'ana pa nkoloko satero. Amakoka motsatizana kuti amalize, cigar imatentha kwambiri ndi kuwawa, ndipo nikotini wambiri amalowa m'thupi pa nthawi yocepa. Zotsatira zace ndi cizungulire, mseru, thukuta ndi kugunda kwa mtima mofulumira. Alimi amene anathyolapo fodya wonyowa ndi mame, nkudwala mutu ndi kusanza madzulo ace, adziwa matenda awa. Ndi nikotini yemweyo, kungoti kumunda amalowera pa khungu.

Koma vuto loposa onse ndi ili. Cigar yaitali ifuna ola lopanda nchito, ndipo maola otere sapezeka masiku onse. Ambiri amaikoka pa ukwati kapena pa cikondwerero cabe. Cigar yaifupi anaipangira dala kuti ikwane pa nthawi yopumula ya tsiku wamba. Mu 2022 bungwe la akatswiri a sayansi ku America, National Academies of Sciences, Engineering, and Medicine, linaunika ma cigar a mtengo wapatali. Linapeza kuti ambiri owakoka sakoka tsiku ndi tsiku, ndi kuti kukula kwa ngozi kumadalira pa kangati munthu amakoka ndiponso ngati amameza utsi. Apa ndi pamene cigar yaifupi iopsera: cinthu ca pa cikondwerero imacisandutsa cizolowezi ca Lolemba mpaka Lacisanu.

Ena adzati, nanga Winston Churchill sanakhale zaka 90? Anakhaladi. Koma Sigmund Freud, dotolo wochuka wa matenda a maganizo, amene anali kukoka ma cigar ofika 20 pa tsiku, anapezeka ndi khansa ya m'kamwa mu 1923. Anacitidwa maopaleshoni oposa 30, navutika zaka 16 kufikira imfa yace ku London mu 1939. Fidel Castro, amene anali mtsogoleri wa dziko limene limagulitsa kwambiri ma cigar, analeka kukoka mu 1985. Palibe munthu adziwiratu kuti thupi lace lidzatsata uti mwa anthu awa.

A M'NYUMBA NAO AKOKA

Cigar imayaka nthawi yaitali kuposa ndudu, ndipo utsi wace wonse umatsala m'cipinda. Amai, ana ndi anchito amaupuma ngakhale sanaufune. Kwa ana utsi wa fodya umabweretsa cifuwa, cibayo, matenda a m'makutu ndi kubanika kwa mphumu. Mu 2008 boma la Zambia linaletsa kukoka fodya m'malo a anthu ambiri, ndipo caka comweco dziko lathu linalowa m'pangano la World Health Organization lolimbana ndi fodya. Koma m'nyumba mwanu wapolisi ndinu nokha, bambo.

ZOYENERA KUCITA

Ngati simunayambe, musayambe. Bokosi lokongola ndi mtengo wokwera zisakunyengeni. Akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Ngati mumakoka, kaya cigar, ndudu kapena balani wokulunga m'pepala, sankhani tsiku lolekera, uzani a pabanja panu, ndipo pewani mowa pa masabata oyamba. Mowa umadzutsa cibaba, ndiponso ukaphatikizana ndi fodya umakulitsa ngozi ya khansa ya m'kamwa ndi kum'mero.

Tengani galasi kamodzi pa mwezi ndi kuyang'ana m'kamwa mwanu. Pitani ku kiliniki msanga mukaona cilonda cimene sicipola patapita masabata atatu, banga loyera kapena lofiira pa lilime kapena m'masaya, cotupa m'khosi, mau osasa amene sabwerera, kapena nsima ikayamba kuvuta kumeza. A zaumoyo akaona kuti m'pofunika adzakutumizani ku cipatala cacikulu monga ca Chipata Central kapena St Francis ku Katete, ndipo odwala khansa amathandizidwa ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka. Khansa ya m'kamwa ikapezeka msanga, mwai wa kucira umakhala waukulu. Musadikire kuti ciwawe, pakuti poyamba cilonda ca khansa nthawi zambiri siciwawa.