KUKAGONA M'HEMA KU MATHITHI A KUNDALILA

Munthu amene agwira nchito m'mafakitale a ku Heavy Industrial Area, ku Kitwe kapena ku Ndola, akhala sabata yonse m'phokoso la makina ndi m'pfumbi. Wotereyu akalandira masiku a chuti acita bwino kukapumula kuthengo, ndipo malo amodzi oyenera ndiwo mathithi a Kundalila, m'boma la Serenje.

Wocokera ku Migodi atsika ku Kapiri Mposhi, natsata mseu wa Great North Road kupyola Mkushi ndi Serenje kufikira pa Kanona. Pamenepo apatukira kum'mawa, nayenda makilomita ngati 14 pa mseu wadothi. Kumeneko mtsinje wa Kaombe ugwa pa phiri la Muchinga mamita ngati 70, nulowa m'cigwa cakuya ca matanthwe. Dzinali ndi la Cibemba, ndipo Mnyanja alimva msanga, pakuti linena za nkhunda yolira. Madzi owazika anyowetsa cigwaco caka conse, cifukwa cace mitengo yace siyoyola masamba monga icita ya kumtunda.

Malowa asungidwa ndi bungwe la National Heritage Conservation Commission. Mlendo alipira polowa, naloledwa kumanga hema pamtunda. Nyengo yabwino ndiyo kuyambira Meyi kufikira Ogasiti, pamene mvula yatha. Koma usiku wa Juni ndi Julayi uzizira koopsa, tsono mabulangeti awiri sacuruka. Ufa, ndiwo, mcere, nyali ndi ukonde wa udzudzu ziyenera kucokera kunyumba, ndipo madzi akumwa ayambe awiritsidwa.

Zoopsa zazikuru ziri ziwiri. Coyamba ndi miyala yoterera ndi ndere. Wotsikira ku dziwe la pansi abvale nsapato zogwira, atsike dzuwa likali m'mwamba, ndiponso asapite yekha kapena atamwa mowa. Cipatala ciri kutali, ndipo wothyoka mwendo m'cigwamo anyamulidwa ndi anzace pokwera phiri lonselo. Caciwiri ndi moto. Udzu ukauma, khala limodzi litha kutentha nkhalango imene inakula zaka zambiri. Asanakoleze moto alambule pozungulira, ndipo pocoka authire madzi kufikira phulusa litazizira.

Zitini ndi mabotolo abwere nazo kutauni, kuti mnzace wodza pambuyo apeze malo osaipitsidwa.